Gitala yanga ikunama ikafika pakati, ndalakwitsa pati?

Yami: Akuluakulu moni nonse. Ndithandizeni ndisanaiponye pamoto. Ndatha miyezi iwiri ndikupanga gitala ya nsambo zinayi pakhonde pathu kuno ku Chilomoni. Mimba yake ndi chigubu chachitsulo cha malita 5, khosi ndasema bulugamu, mafuleti, tizitsulo topingasa pakhosi tija timadinapo nsambo, ndi masipoko a njinga, nsambo ndasolola ku waya wa buleki. Ndikaitchuna n'kuiliza osadina paliponse imamveka bwino, mpaka ana a aneba amadzaunjikana pampanda. Koma ndikangodina kuyambira fuleti yachisanu kutsikira kumimba mawu akumakwera mopyola, ikunama zenizeni. Chinanso nsambo zatalikira, zala zikupweteka ngati ndikudina waya wa khola. Chithunzi ndi icho.

Kondwa wa ku Joni: Aise, miyezi iwiri? Ukanagwira ganyu masiku amenewo bwenzi utagula gitala yeniyeni. Kuno ku Johannesburg zakale zimangotayidwa pa Facebook, ndiuze ndikuponyere pa basi.

Yami: Ponyani achimwene, sindikana. Koma iyi ndiimaliza ndithu.

aPhiri a ku Mchesi: A Kondwa musiyeni mwana apange. Yami, ndiyankhe zitatu izi ndisanayankhule zambiri. Bulugamuyo anadulidwa liti? Khosilo ladutsa m'chigubu mpaka kutulukira kuseri, kapena wangolikhoma kukamwa? Chachitatu, tenga rula yachitsulo uigoneke cham'mbali pamwamba pa mafuleti onse, uone ngati pakati pakuoneka kuwala.

Yami: Zikomo madala. Mtengowo unali wa mapolo otsala pomwe tinkamanga khitchini, anadula mu Epulo. Khosi langolowa pang'ono, ndalikhoma misomali itatu. Rula ndagoneka, pakati pali mpata woti kamtengo ka machesi kakulowa bwinobwino.

aPhiri a ku Mchesi: Ndiye matenda ako ndi awiri, mwinanso atatu.

Loyamba ndi mtengo. Bulugamu wamng'ono wa mapolo ndi mtengo wamakani, akamauma amapotoka ngati chingwe ndipo amang'aluka kumapeto. Wodulidwa mu Epulo lero akadali wauwisi mkati ngakhale kunja akuoneka wouma. Ife timati thabwa lokhuthala inchi imodzi lipatse chaka chathunthu pamthunzi, pamalo podutsa mphepo, litagonekedwa pa timitengo kuti lisakhudzane ndi linzake. Ukafuna kudziwa ngati lauma usamalifunse ndi maso. Pita nalo pa sikelo ya ogula soya, ulembe kulemera kwake pa thabwa pomwepo ndi pensulo, ubwerenso pakatha sabata ziwiri. Likasiya kupepuka ndiye kuti lauma.

Lachiwiri ndi misomali yakoyo. Chitini sichinyamula katundu, ntchito yake ndi kufuula basi. Mtengo wa khosi uyenera kudutsa mkati mpaka utulukire kumatako kwa chigubu, nsambo zimangidwe pa mtengo womwewo. Apo ndiye kuti mtengo ukudzikoka wokha, chitini chikungolandira kunjenjemera. Panopa nsambo zikukoka khosi, khosi likukanikiza chitini, chitini chikunyala pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nsambo zikutalikira tsiku ndi tsiku. Anthu amazipeputsa nsambo. Zisanu ndi imodzi zachitsulo pa gitala ya m'sitolo zimakoka pafupifupi makilogalamu 70, thumba la chimanga ndi lina latheka litapachikidwa pa kamtengo kameneko usana ndi usiku. Zako ndi zinayi, komabe si masewera.

Aphunzitsi Nabanda: Lachitatu mundisiyire ine bambo Phiri, ndikuliona pachithunzipa. Yami, tenga tepi. Yeza kuchokera pa kafupa ka kumutu, pomwe nsambo zimayambira kulira, kufika pa fuleti ya 12. Kenako kuchokera pa fuleti ya 12 kufika pa buliji, kaja kotsamira nsambo pamimba. Undipatse mamilimita, osati "pafupifupi".

Yami: Koyamba 325. Kwachiwiri 290.

Aphunzitsi Nabanda: Eya. Mafuletiwo unawatenga kuti?

Yami: Ndinakopera pa gitala ya kutchalitchi. Ndinagoneka pepala pakhosi pake n'kumachonga ndi cholembera.

Aphunzitsi Nabanda: Kukoperako sunalakwe, ndi nzeru yabwino. Koma unakopera theka. Fuleti ya 12 imakhala pakati penipeni pa nsambo, chifukwa ukafupikitsa nsambo ndi theka mawu amabwerera pomwe anayambira koma kumwamba, "do" wapansi n'kukhala "do" wapamwamba. Gitala ya kutchalitchiyo nsambo zake ndi za mamilimita 650, n'chifukwa chake wapeza 325. Iwe buliji waiika pomwe chitini chakukomera, yafupika ndi 35. Pa fuleti yoyamba kulakwikako n'kochepa, khutu silimva. Pa yachisanu kwayamba kumveka. Pofika pa 12 wakwera ndi fuleti yathunthu. Gitala sikunama, ikunena zomwe waiuza.

Ubweze buliji mpaka pakhale 325, uwonjezereko 2, chifukwa ukadina nsambo imakokeka pang'ono n'kukweza mawu. Ndipo usaimate ndi guluu, isiye izingopanidwa ndi nsambo kuti uzitha kuisuntha.

Yami: Ndayesa kuibweza mayi, ikukathera m'mphepete mwenimweni mwa chigubu, mawu akufa, ikungoti gwa gwa.

Aphunzitsi Nabanda: Pamenepo chitini n'cholimba, sichinjenjemera. Basi poti khosi ukusema lina, yamba ndi buliji. Igogode chigubu ndi chala, pomwe chikulira kwambiri ndi pomwe ikhale, kenako uwerengere chammbuyo. Ngati ufuna kukhala ndi 650 khosi lituluke kwambiri kunja. Ngati ufuna yaifupi, mwachitsanzo 600, masamu ake ndi awa. Gawa utali wa nsambo ndi 17.817, yankho lake ndi pomwe pakhale fuleti yoyamba, apa ndi 33.7. Chotsa 33.7 pa 600, chotsalacho ugawenso ndi 17.817, uzingotero. Ndakuwerengera kale zina, zonse kuyambira pa kafupa: yachiwiri 65.5, yachitatu 95.5, yachinayi 123.8, yachisanu 150.5, yachisanu ndi chiwiri 199.5, ya 12 ikhale pa 300. Uziyeza iliyonse kuchokera pa kafupa, osati kuchokera pa fuleti inzake. Ukalakwitsa ndi theka la milimita pa yoyamba n'kumayezera pomwepo, zonse zotsatira zitenga matendawo.

Kondwa wa ku Joni: Masamu ndinawathawa ku Fomu 2 andipezanso pa gulu la magitala kkkkk

Mdzukulu wa aMbewe: Ndine mdzukulu wawo ndikulemba, agogo maso savomera foni. Ndawawerengera zonse ndiye akuti ndilembe momwe akunenera, osachotsapo.

Akuti: Aphunzitsi pepani, ife kuno ku Thyolo tinkasema mabanjo tisanaone tepi. Nthawi ya Namoko ndi Chimvu River Jazz, mudzi uliwonse unali ndi anyamata ake a banjo, ng'oma ndi babatoni. Tinkatenga mbale kapena mphika wobooka, kukunga chikopa cha gwape kapena cha mbuzi, khosi la mtengo wouma kale pa tsindwi. Mafuleti sitinkakhoma tsiku loyamba ayi. Unkamanga nsambo, n'kutenga kawaya, kumakayendetsa pansi pa nsambo uku ukuimba nyimbo yako. Pomwe mawu a nsambo agwirizana ndi pakhosi pako, pomwepo ndi pochonga. Ndiye banjo ya munthu inkalira ngati mwini wake, ukaimva kutsidya umadziwa kuti ndi uje. Za lerozi zonse zikulira mofanana ngati ana a sukulu pa asembule.

Aphunzitsi Nabanda: Agogo sindingakutsutseni, ndipo mwanena zoona zimene ambiri saziganizira. Nambala ndapatsayi ndi ya matchunidwe a piyano ndi kiyibodi, pomwe mtunda wochoka pa "do" kufika pa "do" anaugawa magawo 12 ofanana ndendende. Bangwe, kaligo ndi mangolongondo sizinayendepo lamulo limenelo, ndipo sizinama. Koma mwanayu wakopera gitala ya kutchalitchi, ndikuganiza akufuna kukaimba limodzi ndi kiyibodi. Akachonga ndi khutu lake akakangana ndi wa kiyibodi Lamulungu lililonse.

Yami: Zoona mayi, ndi ya kwaya ya achinyamata.

Mdzukulu wa aMbewe: Agogo akuti ndiye wa kiyibodiyo azitsatira banjo, wamkulu ndani? Aseka mpaka kutsokomola. Akutinso mwanayo akamaliza ya kutchalitchi apange ina yopanda mafuleti, aphunzire kumva.

aPhiri a ku Mchesi: Mawu amenewo ndi aakulu. Ine ndimagwiritsa zonse. Tepi imandiuza pochonga, koma ndisanadule ndimamanga nsambo imodzi n'kuyesa ndi msomali pa zochongazo. Tepi zina zotchipazi kambedza ka kumapeto kamagwedera, ungodabwa milimita yathunthu yasowa. Ndi bwino rula yachitsulo.

Yami: Nanga mtengo ndigule wanji? Ku Ndirande ndaona paini wambiri, akuti wa ku Chikangawa.

aPhiri a ku Mchesi: Paini ndi wa pamimba, ukadzafika popanga gitala yamatabwa. Ndi wopepuka, amalira. Pakhosi ndi wofewa, ndiponso wa pamsikayo nthawi zambiri amabwera akudontha madzi. Khosi limafuna mbawa kapena mlombwa. Koma usagule watsopano. Zungulira pomwe akugwetsa nyumba zakale, kapena kwa ogulitsa mipando yothyoka. Felemu ya chitseko, mwendo wa tebulo, thabwa la m'mbali mwa bedi. Mtengo umene wakhala m'nyumba zaka 30 unamaliza kale misala yake yonse. Uyang'ane mizere yake ikhale yowongoka kuyambira uku mpaka uko, popanda mfundo, ndipo usatenge wofumbwa.

Ukalephera kupeza wokhuthala, cheka timatabwa titatu, tapakatipo utitembenuze mutu kuti mizere isayang'ane kumodzi, umate ndi guluu woyera. Tikafuna kupindika timakanizana tokhatokha. Ena amajoba ngalande pakati pa khosi n'kugonekamo kachitsulo kafulati choimika cham'mbali, kenako n'kuvindikira ndi thabwa la mafuleti. Owotcherera zitsulo amakhala ndi tizidutswa totere.

Mai a Tadala ku Leeds: Ndalowa mochedwa. Bambo Phiri, mwamuna wanga amapanga timagitala tating'ono m'galaja kuno, wakhala akundivutitsa kuti ndikabwera kumudzi ndidzamutengere matabwa a mlombwa ndi mkungudza m'sutikesi. Ndingawapeze kwa inu?

aPhiri a ku Mchesi: Mkungudza wa ku Mulanje ayi mayi, ngakhale munthu akubweretsereni usiku motchipa. Unatha m'phirimo ndi macheka, ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo wogulitsa watsopano lero ndi wakuba. Ine ndili ndi kachidutswa kamodzi kochoka pa windo la nyumba yakale, ndimangokanunkhiza.

Aphunzitsi Nabanda: Ndipo mlombwa ndi mbawa musangonyamula. Mu 2022 mitengo imeneyi inalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zikutha, ndiye matabwa ake kuti adutse malire pamafunika chilolezo. Mufunse kaye ku nthambi ya za nkhalango, angakulandeni pabwalo la ndege.

Mai a Tadala ku Leeds: Chabwino ndafunsa. Ndimutengera chambo chouma basi, aimbe ndi chimenecho.

Yami: Funso lina madala. Zida ndilibe. Ndili ndi chikwanje, hamala, mpeni ndi kasemasema wa malemu agogo. Timipata ta mafuleti ndinacheka ndi mpeni, n'chifukwa chake ena akugwedera.

Bambo a Chiko: Apa ndiye pafika pa ine. Ndimasula makasu ndi nkhwangwa, koma zida za ukalipentala zanga zonse ndinapanga ndekha.

Ya mafuleti tenga mpeni wa hakiso wakutha. Mano ake amakhala otayana uku ndi uku, ndiye ugoneke pa chitsulo uwaphwanye pang'onopang'ono ndi hamala kapena uwakhule pamwala m'mbali zonse mpaka awongoke. Ukatero umacheka kampata kopyapyala. Upanikize timatabwa tiwiri m'mbali mwake ndi mabawuti, mano angotulukira pang'ono, kuti mipata yonse izame mofanana. Popanda zimenezo wina uzama wina ayi.

Tchizulo ndi mpeni wa puleni ndimasula ku sipuling'i ya galimoto, zija zafulati za kumatayala akumbuyo. Ukamaliza kusula ndi kunola, uwotche kunsonga pamakala mpaka kufiire. Ukhale ndi maginito a sipika yakufa pafupi. Chitsulo chikasiya kugwira maginito ndiye chapsa, uchisiye kamphindi kochepa, kenako uviike mu oyilo, osati m'madzi, m'madzi chimang'aluka. Chitani panja, oyilo amayaka. Chikazizira chimakhala cholimba koma chosachedwa kusweka ngati galasi. Uchikhule chiwale, uchitenthetse chapatali ndi nsonga, uziyang'ana mtundu ukuyenda. Kunsonga kukafika mtundu wa udzu wouma, viikanso. Ukachedwa mpaka kubiriwire chafewa, uyambirenso.

Yami: Mvukuto ndilibe bambo.

Bambo a Chiko: Bwera nayo sipuling'iyo Loweruka, udzapukusa wekha. Wanga ndi wa gudumu la njinga, si wachikopa uja wa makolo. Ndikutumizira malo ku inibokosi.

aPhiri a ku Mchesi: Powonjezera, kusalaza khosi sikufuna puleni. Kasemasema achotse zambiri, kenako galasi. Tenga galasi la windo losweka, mbali yowongokayo uzipalira uku utaipendeketsa. Limatulutsa timapepala topyapyala topiringizika, ndipo mlombwa umasalala kuposa ndi sandipepa. Kwinako ukulunge kansalu. Zopanira pomata usagule. Ng'amba chubu cha galimoto mizeremizere ngati ya legeni, uzenge mokoka kuzungulira khosi lonse. Mphira umapana paliponse mofanana, pomwe kilampu imapana malo amodzi. Usiye usiku wonse, ndipo usamate tsiku la chiperoni, guluu sauma bwino ndipo mtengo umakhala utamwa chinyontho.

Kondwa wa ku Joni: Nkhani ya waya wa buleki yandikumbutsa. Ndili Sitandade 6 ndinasolola waya wa buleki yakumbuyo pa njinga ya bambo anga, n'kubwezera chikopa chake bwinobwino kuti zisaoneke. M'mawa anapita kuchigayo atanyamula matumba awiri, ndipo kwathu kuli chitsetse chokathera pamlatho. Anabwera wapansi, ufa m'tsitsi, bondo likuchucha. Sanafunse aliyense. Anangoima pabwalo n'kumvetsera komwe kukulira banjo.

Mai a Tadala ku Leeds: Kkkkkk ndiye n'chifukwa chake mukuletsa mwana kupanga, mabala sanapole.

Kondwa wa ku Joni: Anandimenyera banjo yomweyo asisi.

Yami: Wanga ndinagula kwa okonza njinga, musadandaule. Koma nsambo zonse zinayi ndi waya umodzi, yapansi ikumveka yolobodoka.

aPhiri a ku Mchesi: Iyenera kutero. Mawu akulu amafuna nsambo yolemera. Waya woonda ukautchuna pansi umangogwedera. Yang'ana waya wa kilachi wa njinga yamoto, akabaza amataya tsiku lililonse, timawaya take n'tokulirapo. Kapena upote tiwiri pamodzi. Ena amaika nayiloni wa mbedza wokhuthala mosiyanasiyana, sakoka khosi kwambiri ndipo sachita dzimbiri, koma pa chitini mawu ake ndi ofatsa, pakwaya sangamveke.

Chisomo: Pepani kulowerera. Ine ndikufuna babatoni, ngati uja wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay kapena wa Madalitso Band. Waya wa m'tayala amautulutsa bwanji? Anzanga akuti ndiwotche tayalalo.

Bambo a Chiko: Osawotcha. Moto umafewetsa waya, ukaukunga umangotambasuka osalira, kenako n'kuduka. Utsi wakenso ndi poizoni. Waya uli m'mlomo mwa tayala, muja limagwira limu. Sendani mphira ndi mpeni wakuthwa mozungulira mpaka muone waya, mupeze nsonga yake, muzisolola ndi pulayala. Mukatha muukhule ndi sandipepa. Pokunga musayang'anitsitse pafupi, ukaduka umakwapula kumaso.

Mdzukulu wa aMbewe: Agogo akuti za chikopa cha babatoni muwafunse iwo. Cha ng'ombe, osati cha mbuzi, cha mbuzi chimabooka ndi kukoka kwa waya. Muchiviike usiku wonse chifewe, mukunge chili chonyowa koma osakokeratu mphamvu zonse chifukwa chikamauma chimadzikoka chokha. Muumike pamthunzi. Ndipo akuti mupachike pamwamba. Chawo china anasiya pakhonde, m'mawa anapeza agalu atadya mpaka pazikhomo, kutsala mgolo wokha, dansi ili madzulo ake.

Chisomo: Zikomo agogo. Nanga ine ndinamva kuti gitala yamatabwa m'mbali mwake amapinda ndi paipi yamoto, n'zoona?

aPhiri a ku Mchesi: N'zoona. Thabwa ulipale lifike mamilimita 2, ulinyowetse, uzilikhuza pa paipi yomwe mwaikamo makala uku ukukanikiza pang'onopang'ono. Limakuuza lokha likafuna kugonja. Koma paipi ikhale yakuda. Zotuwa zija za madzi zili ndi zinki, ikapsa kwambiri utsi wake umadwalitsa, usiku umanjenjemera ngati malungo. Komatu imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, tisamusokoneze Yami.

*Patapita sabata zitatu*

Yami: Akuluakulu ndabwerera. Khosi latsopano ndi la mlombwa, ladutsa mpaka kuseri. Ndatenga 600 ya aphunzitsi. Tchizulo ndinasula kwa bambo a Chiko, yoyamba inang'aluka chifukwa ndinachita changu, yachiwiri ikumeta tsitsi la pamkono. Buliji ndasema fupa la ng'ombe, sindinamate. Dzulo ndinapita nayo kokonzekera kwaya, pa fuleti ya 12 ikugwirizana ndi kiyibodi ndendende. Mverani kakilipu aka.

Aphunzitsi Nabanda: Ndamvera kawiri. Nsambo yokhuthalayo ikadakwera pang'ono, upendeketse buliji mbali imeneyo ibwerere m'mbuyo milimita imodzi kapena ziwiri.

Mdzukulu wa aMbewe: Agogo akuti ikulira, koma woimbayo dzanja lamanja ndi laulesi.

Kondwa wa ku Joni: Aise ndagonja. Undipangire yanga, ndibwera Disembala.

aPhiri a ku Mchesi: Ndikumva kunzerezera ukadina fuleti yachiwiri pa nsambo yachitatu. Pali fuleti imodzi yatukuka, mwina yachitatu. Dula kachitsulo kowongoka kokwana mafuleti atatu okha, uzikagoneka atatuatatu. Pomwe kagwedere ngati mpando wa miyendo yosiyana, wapakatiyo ndiye wolakwa. Umugogode pang'ono, akakana umudye ndi fayilo. Koma mlombwa wabwino chonchi unaupeza kuti iwe?

Yami: Pa bedi lakale lomwe linali kuchipinda chosungira katundu.

aPhiri a ku Mchesi: Unapempha?

Yami: Mayi akuti alendo akubwera Lachisanu, ndilitulutse ndilimange. Madala, thabwa la paini lingagwire m'mbali mwa bedi? Ndi la mamita 1.9.

aPhiri a ku Mchesi: Lingagwire likakhala lokhuthala inchi ndi theka. Ulipake vanishi wakuda, uliike mbali ya kukhoma.